Malonda a mbuna: dziwani kwawo kwa nsomba musanatchule mtengo

Sabata ino tisiye kaye mitengo ya usipa, utaka ndi chambo. Tikambe za nsomba imene sagula pa mulu kapena pa chigoba, koma imodziimodzi, ikadali yamoyo. Tikunena mbuna, tinsomba ta m'miyala tija timene anthu a m'matauni ndi a maiko akunja amaweta m'matanki agalasi pokongoletsa nyumba, maofesi ndi mahotela.

Nkhaniyi yabwera chifukwa cha mnyamata wina wa pa Makokola amene amagulitsa ziboliboli m'mbali mwa msewu wopita ku Monkey Bay. Kuseri kwa nyumba yake adamanga matanki awiri a simenti, momwe wakhala akuwetamo mbuna zimene adagula kwa mnzake. Mwezi wathawu kudabwera bambo wina wa ku Blantyre amene amadziwa nsombazi. Adaziyang'ana nthawi yaitali, adazikonda, kenaka adafunsa funso limodzi lokha: "Kwawo n'kuti zimenezi?" Mnyamatayo adayankha molimba mtima kuti, "Bwana, ndi za m'nyanja yathu yomweyi." Bamboyo adaseka, n'kunena kuti ngati ndi choncho agula pa mtengo wa nsomba zosakanikirana. Mtengowo udali wotsika moti mnyamatayo adakana, malonda n'kuthera pomwepo.

Mnyamatayu sadaname. Nsombazo zidalidi za m'nyanja ya Malawi. Koma pa malonda awa, kunena kuti nsomba ndi ya m'nyanja kuli ngati munthu wofunsira mbeta amene akamufunsa kwawo akungoti "ku Malawi konkuno". Ankhoswe amafuna mudzi, mfumu ndi mfunda. Wogula mbuna wodziwa zinthu amafunanso chimodzimodzi, ndipo ndalama yake imatsata yankho limenelo.

Chifukwa chake mudzi wa nsomba uli ndi ntchito

Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere pa dziko lapansi. Yochuluka mwa mitunduyi ndi ya banja limodzi ndi chambo, limene akatswiri amalitchula kuti Cichlidae, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse. Dzina lakuti mbuna lidachokera kwa Atonga a ku Nkhata Bay, ndipo limanena nsomba zokhala m'miyala.

Mbuna siyenda ulendo wautali ngati usipa kapena ncheni. Imabadwira pa miyala, imadya ndere za pa miyala yomweyo, ndipo ikaona adani imathawira m'mapanga a pomwepo. Pakati pa mulu wina wa miyala ndi unzake pakakhala mchenga wautali kapena madzi akuya, mbuna siwoloka. Kuwonjezera apo, yaikazi imafungatira mazira m'kamwa kwa masabata pafupifupi atatu, n'kudzalavula ana atakula kale, otha kubisala okha. Choncho palibe mazira kapena tiana toyandama timene mafunde a mwera angatengere kutali.

Zotsatira zake n'zakuti chilumba chilichonse ndi mulu uliwonse wa miyala zili ngati mudzi wotsekedwa. Nsomba za pamenepo zakhala zikukwatirana zokhazokha kwa mibadwo yosawerengeka, mpaka zidatenga mtundu wa thupi wawowawo. Mutha kupeza nsomba ya mtundu umodzi ku Nkhata Bay, ku Likoma ndi ku Cape Maclear, koma kwina ili ndi chipsepse cha pamsana chachikasu, kwina chakuda, kwina choyera. Palinso mitundu ina imene dziko lonse lapansi imapezeka pa mulu umodzi wokha wa miyala. Oweta nsomba a ku Germany, America, Britain ndi Japan amadziwa maina a malo athu monga Mbenji, Maleri, Otter Point ndi Thumbi West kuposa mmene ambiri a ife timawadziwira, chifukwa mainawo amalembedwa pa matanki m'masitolo mwawo.

Dzina la nsomba pa msika

Dzina lathunthu la mbuna pa malonda limakhala ndi zigawo zitatu: dzina la fuko, dzina la mtundu, ndi dzina la malo. Mwachitsanzo, Labeotropheus trewavasae Thumbi West. Mawu oyambawo ndi fuko, achiwiriwo ndi mtundu, otsirizawo ndi kwawo. Mukasiya gawo lachitatuli, mwataya gawo la mtengo.

Musasokonezeke mukaona nsomba imodzi ili ndi maina a fuko osiyana m'mabuku. Akatswiri akhala akusintha maina. Nsomba zambiri zimene kale zinkalembedwa kuti Pseudotropheus, lero ena amalemba Maylandia, ena Metriaclima. Ndi nsomba zomwezo. M'chaka cha 2016 akatswiri adapatulanso gulu lina la mbuna zing'onozing'ono n'kulipatsa dzina la konkuno lakuti Chindongo. Kasitomala akakufunsani Pseudotropheus saulosi, wina n'kufunsa Chindongo saulosi, onsewo akufuna chinthu chimodzi.

Pali zizindikiro zinanso zofunika kuzidziwa. Nsomba yolembedwa F0 kapena WC ndi yogwidwa m'nyanja. F1 ndi mwana wa makolo awiri ogwidwa m'nyanja, F2 ndi mdzukulu. Zilembo za "sp." zimasonyeza kuti mtunduwo akatswiri sadaupatsebe dzina lokhazikika. Zilembo za OB zimanena nsomba ya mawangamawanga akuda pa thupi la olenji kapena lotuwa. M'mitundu ina ya mbuna mawangawa ndi achilengedwe, makamaka pa zazikazi.

Mawu ena amene mudzawamve kwa alendo ndi akuti dwarf cichlid. Nthawi zambiri mlendo akatero amanena tinsomba ta ku South America totchedwa Apistogramma, kapena ta ku Nigeria ndi Cameroon totchedwa Pelvicachromis. Nato timagulitsidwa ndi maina a mitsinje ya kwawo, koma si ta m'nyanja yathu, ndipo tambiri timafuna madzi osiyana ndi athuwa. Mufunseni bwino. Akati dwarf mbuna, pamenepo ndiye akunena zathu zing'onozing'ono, zosapitirira masentimita 10.

Nsomba ya pakhomo pathu

Anthu ambiri a pa Makokola sadziwa kuti dzina la dera lawo limadziwika kunja chifukwa cha nsomba. Pa miyala ya pansi pa madzi imene mabuku amaitchula kuti Makokola Reef, chakufupi ndi chilumba cha Boadzulu, ndi kwawo kwa mbuna yotchedwa greshakei. Akatswiri awiri a ku Germany, Meyer ndi Foerster, ndiwo adailemba m'mabuku a sayansi m'chaka cha 1984. M'masitolo a kunja amaigulitsa ndi dzina lakuti Ice Blue.

Yamphongo yokhwima imakhala ya buluu wotuwira, wowala ngati thambo la m'mawa, ndipo chipsepse chake cha pamsana ndi mchira zimakhala za olenji wopita kofiira. Thupi lake silikhala ndi mizere yakuda yooneka bwino. Ikapezeka imakhala yozimiririka, yobwera ndi kupita malinga ndi mmene nsombayo ikumvera. Yaikazi ndi yofiirira ngati dothi, yosakopa maso. Ikakula imafika masentimita 12 kapena 13.

Vuto ndi lakuti nsomba za buluu za chipsepse chofiira zilipo zingapo m'nyanja muno, ndipo amalonda aulesi amazitchula zonse kuti Red Top. Ku zilumba za Mbenji, m'boma la Salima, kuli mbenjii, imene yamphongo yake imafanana kwambiri ndi ya pa Makokola: buluu wopanda mizere, chipsepse chofiira. Kusiyana kumodzi n'kwakuti pakati pa zazikazi za ku Mbenji pamapezeka za mawangamawanga zija. Ku chilumba cha Nakantenga, chimodzi mwa zilumba za Maleri, kuli pyrsonotos. Ku Mphanga Rocks, kufupi ndi Chilumba m'boma la Karonga, kuli emmiltos. Ziwirizi nazo zili ndi chipsepse chofiira, koma thupi lawo lili ndi mizere yakuda yotsika kuchokera pamsana kupita kumimba, yooneka bwino ngati ya mbidzi.

Ndiye lamulo loyamba ndi ili: chipsepse chofiira pachokha si umboni. Yang'anani mizere. Ngati ili yakuda bii ndi yokhazikika, imeneyo si greshakei. Ngati mulibe mizere, yatsala nkhani ya pakati pa Makokola ndi Mbenji, ndipo apo mufunika kuona zazikazi ndi kudziwa kumene makolo ake adachokera. Mukaona greshakei yoyera mbuu ya maso ofiira, dziwani kuti imeneyo ndi yochita kuweta m'matanki. Ili ndi msika wake, koma musaigulitse ngati yochokera pa miyala ya Makokola.

Ina ya pakhomo pathu ndi Iodotropheus sprengerae, imene idalembedwa m'chaka cha 1972. Kwawo ndi ku Boadzulu ndi ku tizilumba ta Chinyankhwazi ndi Chinyamwezi. Thupi lake ndi la mtundu wa dzimbiri, ndipo yamphongo imakhala ndi kuwala kwa pepo m'nthiti. Ndi yaing'ono, ndipo siyolusa ngati mbuna zinzake, n'chifukwa chake oyamba kumene kuweta amaikonda. Wosadziwa angaisokoneze ndi greshakei yaikazi poti zonse ndi zofiirira. Kusiyana kwake, sprengerae imakhala yofiirira yaimuna ndi yaikazi yomwe, pamene gulu la greshakei likamakula mumatuluka amphongo a buluu.

Zing'onozing'ono zimene zimasokoneza

Pali tinsomba tinayi ta buluu ndi zakuda timene timapusitsa ogulitsa ambiri. Njira yotisiyanitsira ndi mafunso awiri: mizere yalowera kuti, ndipo yaikazi ndi yotani?

Woyamba ndi saulosi. Kwawo ndi malo amodzi okha, Taiwanee Reef, miyala ya pakati pa nyanja chakufupi ndi chilumba cha Chizumulu. Katswiri wa ku Netherlands, Ad Konings, adaipatsa dzinali m'chaka cha 1990 polemekeza Saulos Mwale, Mmalawi amene ankagwira ntchito yomira pansi pa madzi kugwira nsombazi. Yamphongo ndi ya buluu ya mizere yakuda yotsika. Yaikazi ndi ana onse ndi achikasu chopita ku olenji. Amphongo amayamba ali achikasu, n'kumasintha akamakula.

Wachiwiri ndi demasoni, wa ku Pombo Rocks, mbali ya Tanzania. Nayenso ali ndi mizere yotsika ya buluu ndi yakuda, koma yaimuna, yaikazi ndi ana onse amaoneka chimodzimodzi. Choncho munthu akakugulitsani gulu la "saulosi" lopanda ndi imodzi yomwe yachikasu, kapena gulu la "demasoni" lokhala ndi ana achikasu, pali chimene chalakwika.

Wachitatu ndi johannii, wa ku gombe la kum'mawa, mbali za Makanjira ndi Mozambique. Mizere yake siyotsika koma yogona, yochokera kumutu kupita kumchira. Yamphongo ndi yakuda ndi buluu, yaikazi ndi yachikasu. Wachinayi ndi cyaneorhabdos, amene pa msika amadziwika ndi dzina lakuti Maingano, dzina la malo a pa chilumba cha Likoma. Mizere yake ndi yogonanso, koma yaimuna ndi yaikazi zonse ndi za buluu.

Kunena mwachidule, mizere yotsika ndi akazi achikasu ndi saulosi; mizere yotsika ndi onse a buluu ndi demasoni; mizere yogona ndi akazi achikasu ndi johannii; mizere yogona ndi onse a buluu ndi Maingano. Lembani zimenezi pa katoni, mukhome pafupi ndi thanki.

Samalaninso ndi lombardoi wa ku Mbenji, amene amachita zosemphana ndi anzake: yamphongo yokhwima ndiyo yachikasu, yaikazi ndi ana ndiwo a buluu wa mizere. Ana ake amaoneka okongola ndi ofatsa, koma akakula ndi andewu ndipo amaposa saulosi msinkhu. Mukamugulitsa kasitomala ana a lombardoi m'dzina la mbuna yaing'ono, pakatha miyezi ingapo adzakupezani ali ndi mkwiyo, nsomba zake zina zitaphedwa.

Palinso fuko la Cynotilapia, limene ambiri amangoti afra. Limafanana kwambiri ndi mbuna za mizere ya mbidzi, ndipo limagulitsidwa ndi maina a malo monga Cobue ku Mozambique, Jalo Reef ku Nkhotakota ndi Likoma. Polisiyanitsa ndi Metriaclima amayang'ana mano. A Cynotilapia ndi osongoka, a nsonga imodzi, otalikirana ngati a galu. A kutsogolo a Metriaclima ali ndi nsonga ziwiri ndipo ndi othithikana. Kagalasi kokulitsa zinthu, konga ka okonza mafoni ndi mawotchi, n'kokwanira kuonera zimenezi.

Phunziro la nsomba yachikasu

Mbuna yodziwika kwambiri pa dziko lonse ndi Labidochromis caeruleus yachikasu. Dzina lakuti caeruleus limatanthauza buluu, chifukwa imene Geoffrey Fryer adayamba kuilemba m'chaka cha 1956 ku Nkhata Bay idali yoyera mopita ku buluu. Yachikasu ija kwawo ndi ku Lion's Cove, kumpoto kwa Nkhata Bay. Mtundu ndi umodzi, midzi ndi iwiri, maonekedwe ndi osiyana kotheratu.

M'zaka za m'ma 1980 nsomba yachikasuyi idawetedwa yambiri ku Burundi, m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika, n'kumatumizidwa ku Ulaya kuchokera kumeneko, mpaka ogula ena ankakhulupirira kuti ndi ya ku Tanganyika. Apa pali phunziro: kumene nsomba yakwerera ndege si kwawo. Chimodzimodzinso nsomba imene mwagula pa Mangochi boma kapena ku Senga Bay siisanduka ya pamenepo.

Yachikasu yeniyeni ili ndi thupi lachikasu choyera bwino, mzere wakuda m'chipsepse cha pamsana, ndi mlomo wosongoka pang'ono. Imakwatirana mosavuta ndi estherae, mbuna ya olenji ya ku Minos Reef ku Mozambique, zikaikidwa thanki imodzi. Ana ake amatuluka a olenji wothimbirira, a mutu wobulungira, mzere wakuda uja utazimiririka kapena kusoweratu. Oterewa ndi ambiri pa msika, ndipo wogula wodziwa amawazindikira asanakhale n'komwe pansi.

Poyang'ana nsomba musanagule kapena kugulitsa

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mbuna imasintha mtundu m'kanthawi kochepa. Ikaopsedwa, ikatopa ndi ulendo, kapena ikakhala pansi pa yamphongo inzake yamphamvu, imazimiririka n'kuoneka ngati yaikazi. Musaweruze nsomba ili m'jumbo kapena m'ndowa. Isiyeni m'thanki yokhala ndi miyala masiku awiri kapena atatu, mudzaione m'mawa pa kuwala kwa dzuwa, osati pa mababu a buluu amene ena amaika dala kuti nsomba ziwale.

Pemphani kuona makolo, onse awiri. Wogulitsa amene akukuonetsani yamphongo yokha akubisa theka la nkhani, poti taona kale kuti yaikazi ndiyo imaulula mtundu. Onaninso ana a mimba imodzi ali pamodzi. A mtundu weniweni amafanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Mukaona ena a mizere isanu, ena isanu ndi itatu, ena yodukaduka, ena a mutu wautali, ena waufupi, kayikirani kuti makolo ake adali osiyana.

Madontho achikasu a pa chipsepse cha pansi chakumchira, amene amaoneka ngati mazira, amathandiza kudziwa yamphongo, koma si umboni wokwanira chifukwa zazikazi zina zimakhala nawonso. Njira yodalirika ndi kutembenuza nsomba ndi manja onyowa n'kuona timabowo tiwiri ta kumimba. Pa yaikazi yokhwima, kabowo ka kumbuyo kamakhala kokulirapo kuposa ka kutsogolo. Pa yamphongo timakhala tofanana. Chitani mwachangu, nsomba isakhalitse kunja kwa madzi.

Chenjerani ndi tiana tating'ono kwambiri timene tonse tikuwala ngati amphongo okhwima. M'chilengedwe sizitero. Oweta ena a kunja amadyetsa ana a nsomba chakudya chosakaniza ndi mankhwala a mahomoni kuti awale msanga. Mankhwalawo akatha m'thupi, mtundu umazimiririka, ndipo kasitomala amabwerera kwa inu, osati kwa amene adakupikulitsani. Dziwaninso kuti nsomba zotchedwa OB Peacock ndi Dragon Blood sizipezeka m'nyanja. Zidapangidwa ndi anthu posakaniza mitundu. Kuzigulitsa si mlandu, koma kuzipatsa dzina la malo a m'nyanja ndi bodza.

Ndipo pali choonadi china chimene tiyenera kuvomereza: maso okha sangakuuzeni zonse. Pali midzi ina imene nsomba zake zimafanana moti ngakhale akatswiri amadalira zolemba. N'chifukwa chake kope ndi chida chachikulu pa malonda awa kuposa ukonde. Lembani tsiku limene mudagula, kwa ndani, dzina lonse la nsomba, kwawo, ndi thanki imene mwaiika. Jambulani makolo pa foni. Ngati wokugulitsani sakudziwa kwawo, inunso lembani kuti kwawo sikukudziwika. Musapeke.

Thanki imodzi, mudzi umodzi

M'nyanja, nsomba yaikazi imasankha mwamuna poyang'ana mtundu wa thupi lake, ndipo imakhala ndi amuna ambiri a mtundu wake oti isankhepo. M'thanki mulibe mwayi umenewo. Ikasowa wa kwawo, imalola amene alipo. Choncho mukaika greshakei ndi mbenjii pamodzi, kapena afra wa ku Cobue ndi wa ku Jalo Reef, ana otuluka pamenepo alibenso mudzi, ndipo palibe njira yowabwezera. Mpamba wanu wonse umatsikira pa mtengo wa zosakanikirana.

Ngati muli ndi matanki awiri okha, wetani mitundu iwiri yokha. Thanki iliyonse ikhale ndi kaukonde kake ndi ndowa yake, chifukwa tiana timakanirira mu ukonde n'kusamukira kwina inu osaona. Vindikirani matanki oyandikana, poti mbuna imadumpha. Yamphongo imodzi ikhale ndi zazikazi zitatu kapena zinayi kuti isazunze imodzi.

Choopsa kwambiri ndi kutaya m'nyanja nsomba zimene zakanika kugulidwa. Zimenezi zidachitikapo. M'zaka za m'ma 1960, nsomba zogwidwa kumpoto kwa nyanja zidatayidwa pa chilumba cha Thumbi West ku Cape Maclear. Zina mwa izo, monga afra ndi callainos wa ku Nkhata Bay, zidakhazikika pomwepo. Kafukufuku amene adasindikizidwa m'chaka cha 2004 adapeza kuti afra wobwerayo adayamba kukwatirana ndi mbuna ya mizere ya pamalopo. Chimene munthu adachita tsiku limodzi chikuonekabe patapita zaka zoposa 50. Wina atachita zomwezo pa miyala ya Makokola, dzina limene limapatsa nsomba yathu mtengo likhoza kutha ntchito. Nsomba imene yalowa m'thanki isabwererenso m'nyanja, ngakhale pa doko la pakhomo panu.

Za malamulo

Pano tisanamizane. Kugwira nsomba zamoyo zokongoletsa n'cholinga chochita malonda, komanso kuzitumiza kunja, kumafuna chiphaso cha nthambi ya boma yoona za usodzi, motsatira lamulo la za usodzi. Musanamange thanki kapena kulandira oda, pitani ku ofesi ya za usodzi ya boma la Mangochi mukafunse zoyenera kuchita, ndipo a komiti ya pa doko lanu adziwe zimene mukuchita. Safunsa adadya phula.

Chilumba cha Boadzulu chili m'kati mwa Lake Malawi National Park, imene idakhazikitsidwa m'chaka cha 1980, ndipo bungwe la UNESCO lidaiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse m'chaka cha 1984. Pakiyi imateteza madzi a mamita 100 kuchokera ku gombe la malo ake, kuphatikizapo zilumba za Thumbi West, Domwe, Mumbo ndi Maleri. Kugwira mbuna m'madzi amenewo ndi mlandu. Munthu akakubweretserani nsomba m'chigubu usiku, akuti ndi za ku Boadzulu, dziwani kuti akukugulitsani mlandu pamodzi ndi nsombazo.

Chitetezochi chili ndi chifukwa. Mtundu umene umakhala pa mulu umodzi wa miyala sutenga nthawi kuti uthe. Saulosi adachepa kwambiri pa Taiwanee Reef chifukwa chogwidwa mopyola muyeso, mpaka padafunika ntchito yapadera ya akatswiri yoweta ena n'kukawabwezera komweko. Ntchito imeneyo idayendetsedwa ndi thumba lotchedwa dzina la malemu Stuart Grant, amene kwa zaka zambiri ankatumiza nsombazi kunja kuchokera ku Senga Bay. Kwa wamalonda wamng'ono, njira yabwino ndi kugula mbewu yodziwika kwawo kwa amene ali ndi chiphaso, n'kumaweta ndi kugulitsa ana.

Mmene zimakhudzira thumba lanu

Pa msika uwu nsomba zili pa masitepe atatu. Pamwamba pali za dzina lonse, kwawo kodziwika, makolo ooneka ndi zolemba zake. Pakati pali za mtundu wodziwika koma kwawo kosadziwika. Pansi pali zosakanikirana, zimene amagula ongofuna kanthu koyendayenda m'galasi. Chakudya, madzi, magetsi a pampu ndi nthawi yanu n'zofanana pa masitepe onse atatu. Chimene chimasiyanitsa phindu ndi chidziwitso ndi kope lija basi.

Potchula mtengo, werengerani zonse: mbewu, chakudya, majumbo, mpweya wa okosijeni, katoni, thiransipoti ya ku Blantyre kapena Lilongwe, ndi nsomba zina zimene zingafere m'njira. Musazidyetse tsiku limodzi kapena awiri ulendo usanachitike kuti zisaipitse madzi. Amphongo akuluakulu alowe m'jumbo yakeyake. Lembani dzina ndi kwawo pa jumbo iliyonse ndi cholembera chosafufutika, chifukwa nsomba zikafika zitazimiririka ndi ulendo, cholembedwacho ndicho chidzakuyankhulireni.

Chidziwitsochi si cha oweta okha. Inu operekeza alendo pa boti, mlendo amene mwamuuza kuti kansomba ka dzimbiri kamene akukaona pa Boadzulu kamapezeka pa tizilumba towerengeka tokha pa dziko lonse, amakukumbukirani ndipo amatumiza anzake. Inu osema ndi ojambula, nsomba ya buluu wotuwira ya chipsepse chofiira yolembedwa kunsi kuti greshakei, Makokola, ndi katundu wosiyana ndi nsomba yongopaka penti iliyonse imene yatsala m'chitini.

Mnyamata uja tidamulangiza kuti nsomba zimene ali nazo azigulitse monga zilili, zosadziwika kwawo, pa mtengo wake womwewo, osawonjezera dzina. Akamaliza atsuke matanki, apite ku ofesi ya za usodzi, kenaka ayambenso ndi mitundu iwiri yokha ya mbewu yodziwika. Kope adagula kale. Bambo wa ku Blantyre uja adasiya nambala, ndipo adati akadzakhala ndi yankho la funso lija adzamuimbire.